Kusankha Kazenera Koonjezera pa Kamera Pamene Ndalama Ziri Zocepa

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, maka-maka inu amene muli m'magulu ojambula zithunzi, nkhani yathu ya lero ndi ya kacipangizo kakang'ono, kosaposa kabokosi ka macisi, kamene kamakhala pamwamba pa makamera ena. Pa Cingelezi kamachedwa viewfinder. Ife tidzakacha kazenera, pakuti nchito yake ndi ya zenera ndithu: wojambula amasuzumiramo kuti adziwe zimene zidzalowa m'cithunzi ndi zimene zidzatsala kunja. Makamera ambiri amabwera ndi kazenera kao komangidwira m'thupi la kamera momwemo. Koma kalipo kena kogula padera, kocita kulowetsa ndi kusolola, ndipo mitengo ya timazenera totere imasiyana modabwitsa. Kena mungakapeze pa mtengo wa mafilimu awiri kapena atatu. Kena, kokhala ndi dzina lochuka, kamaposa mtengo wa kamera yakale yathunthu pamodzi ndi lenzi yake. Gulu la pa sukulu, limene thumba lake ndi la ndalama zocita kusonkha, liyenera kudziwa bwino cimene likulipirira lisanatulutse ngakhale ngwee imodzi.

Tiyambe ndi mfundo imene ogulitsa sakonda kuichula. Kuwala kumene kumalowa m'kazenera ka galasi kumathera m'diso mwanu. Sikufika pa filimu, ndipo sikufika pa sensa ya kamera ya dijito. Cithunzi cimapangidwa ndi lenzi yokha. Motero anthu awiri akakhala ndi kamera yofanana ndi lenzi yofanana, wina n'kuikapo kazenera ka mtengo wapatali, mnzake n'kuikapo ka pulasitiki kokalika-kalika, zithunzi zao zidzaoneka bwino cimodzi-modzi. Ndalama zoikidwa pa lenzi zimaoneka pa pepala. Ndalama zoikidwa pa kazenera zimagula zinthu ziwiri cabe: kuti kakuuzeni zoona za malire a cithunzi, ndi kuti diso lanu lisabvutike posuzumira. Coyambaco mungathe kucipima nokha ndi coko ndi bolodi, monga ndidzalongosola kutsogoloku. Caciwirico ciri ngati cisote, mwini mutu ndiye adziwa ngati cikuthina.

Mwina mudzafunsa kuti, nanga n'cifukwa ninji munthu agule kazenera kaciwiri pamene kamera iri nako kale? Bvutoli linayamba kale. Pamene kampani ya Leitz ya ku Wetzlar, m'dziko la Germany, inayamba kugulitsa kamera yaing'ono ya Leica mu 1925, imene anaikonza Oskar Barnack, kamerayo inali ndi lenzi imodzi yosacotseka ya mamilimita 50, ndipo kazenera kake kanali koyenerana ndi lenzi imeneyo. Mu 1930 anatulutsa ina yolola munthu kumasula lenzi ndi kuikapo yamtundu wina, ya 35 yoona motambasuka, kapena ya 135 yokokera pafupi zinthu zakutali. Lenzi inasintha, koma kazenera kanangokhalabe kaja ka 50. Mankhwala ake anali kulowetsa kazenera kena m'kanjira ka citsulo ka pamwamba pa kamera, kamene anthu ambiri lero amakadziwa monga pokhala fulashi. Azungu anakacha nsapato, cifukwa cipangizo ciriconse colowamo ciri ndi phazi lake, ndipo ifenso tidzakacha motero. Makamera a ku Soviet Union amene anatsanzira Leica ndi Contax, ndiwo FED wa ku Kharkiv, Zorki wa ku Krasnogorsk ndi Kiev wa ku Kyiv, anatengera bvuto lomwelo. Zorki 4 yokha anapanga zoposa 1,700,000 pakati pa 1956 ndi 1973, n'cifukwa cake ikupezekabe yochipa kwa ogulitsa zakale. Koma kazenera kake n'koyenera lenzi ya 50 cabe. Ngakhale Leica M3 ya mu 1954, imene ojambula amaitamanda kufikira lero, iri ndi mizere ya malenzi a 50, 90 ndi 135, koma ya 35 iribe.

Ngati kamera yanu ndi ya mtundu wa SLR, monga Pentax K1000 kapena Zenit, imene iri ndi kalilole m'kati kotero kuti mumaona kupyolera m'lenzi momwemo, sungani ndalama zanu, kazenera koonjezera mulibe nako nchito. Okafuna ndi eni makamera akale aja, ndiponso eni timakamera ta dijito topanda posuzumira, tokhala ndi sikirini ya kumbuyo cabe. Aliyense amene anayesapo kujambula mpira pa bwalo la sukulu masana a mwezi wa Okutobala adziwa kuti dzuwa likafika pamutu sikiriniyo imasanduka kalilole, munthu n'kumangoona nkhope yake yomwe.

Coyamba kuyang'ana pogula ndi nambala yolembedwa pa kazenera, imene iyenera kugwirizana ndi nambala ya lenzi. Cithunzi ciriconse pa filimu ya 35 cimadya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, ndipo kucokera pamenepo mwana aliyense wodziwa masamu angathe kupeza kukula kwa malo amene lenzi idzatenga: aculukitse mtunda ndi 36, agawe ndi nambala ya lenzi. Mukaima mamita 5 kucokera pa anthu, lenzi ya 50 imatenga mamita 3.6 kucokera kumanzere kufika kumanja, ya 35 imatenga mamita 5 ndi pang'ono, ya 28 imatenga pafupi-fupi mamita 6 ndi theka. Tsono taganizirani tsiku lotsiriza la ana omaliza sukulu ya pulaimale, ataima m'mizere itatu ya mamita 6 kutsogolo kwa kalasi lao. Wojambula ali ndi lenzi ya 35, koma kazenera kamene anapeza mochipa ndi ka 28. Posuzumira aona ana onse, ndi kampata kotsala mbali ndi mbali. Filimu ikatsukidwa, mwana wa kumapeto kwa mzere uliwonse, kumanzere ndi kumanja, mulibemo, kapena mwatsala phewa lake lokha. Ana 6 alipira cithunzi cimene iwo sakuonekamo, ndipo pofika nthawi imeneyo kalasi lonse linabalalika kale. Cifukwa cake, ngati nambala yeni-yeni yasowa, tengani kazenera ka nambala yokulirapo kuposa lenzi. Kotere kamaonetsa zocepa, ndipo cithunzi cidzabwera ndi zoonjezera m'mbali zimene mungathe kudula pambuyo pake.

Eni makamera a dijito acenjere pamenepa, pakuti nambala za pa timazenera tambiri zimawerengedwa monga mwa filimu ya 35, pamene sensa ya makamera ambiri ndi yocepa kuposa kacigawo ka filimu kaja. Pa mtundu wochedwa APS-C muculukitse nambala ya lenzi ndi 1.5, kapena ndi 1.6 ngati kamerayo ndi Canon. Pa Micro Four Thirds muculukitse ndi 2. Lenzi ya mamilimita 18.3 ya pa Ricoh GR ifuna kazenera ka 28, ndipo lenzi ya 17 ya Olympus ifuna ka 35.

Tsopano tifike pa bvuto limene limalamula mtengo umene muyenera kulipira. Tambasulani dzanja lanu, imikani cala, ndipo mucilunjikitse pa ngodya ya citseko mutatseka diso lamanzere. Kenaka tsekani lamanja, mutsegule lamanzere. Cala cadumpha, ngakhale kuti simunacisunthe. Cadumpha cifukwa maso anu awiri sali pamalo amodzi. Kazenera ndi lenzi nazonso ndi maso awiri, ndipo pa makamera ambiri otere kazenera kamakhala masentimita 5 kapena 6 pamwamba pa pakati pa lenzi. Ojambula amacha bvutoli parallax. Kazenera kamaona m'mwamba pang'ono kuposa lenzi, motero cimene cimadulidwa kawiri-kawiri ndi mutu wa munthu.

Cofunika kumvetsa ndi cakuti masentimita 6 amenewa sakula ndipo sacepa. Cimene cimasintha ndi kukula kwa malo amene cithunzi cikutenga. Ndi lenzi ya 28, mutaima mamita 3, msinkhu wa malo olowa m'cithunzi ndi pafupi-fupi mamita 2 ndi theka, ndipo kutayapo masentimita 6 palibe angazindikire. Ndi lenzi ya 50, mutaima mita imodzi, msinkhuwo sufika theka la mita, ndipo masentimita aja asanduka gawo limodzi mwa magawo 8. Ndi lenzi ya 135, mutaima mita ndi theka kuti mutenge nkhope ya a hedimasitala, msinkhuwo sufika masentimita 25, ndipo mwataya gawo limodzi mwa magawo 4: tsitsi lapita, mphumi yapita, cithunzi ciyambira pa nsidze. Apa ndi pamene ine ndimagamula nkhani ya mtengo. Pa malenzi otambasuka, a 21, 28 ndi 35, kazenera kochipa n'kokwanira, malinga kapambane mayeso a pa bolodi. Pa malenzi okokera pafupi, a 85, 90 ndi 135, musagule kazenera kopanda pokonzera mtunda, kaya ndi kacitsulo kopendeketsa kazenerako, kaya ndi mphete yolembedwa mamita. Pamenepo pokha ndi poyenera kuonjezera ndalama.

Timazenera ta galasi tiripo ta mitundu itatu. Kosabvuta kupanga ndi ka magalasi awiri, lina kutsogolo locepetsa zinthu, lina kumbuyo pa diso, ndipo malire a cithunzi ndi m'mphepete mwakuda mwa kazenera komweko. Kobvuta kwake n'kwakuti mukasuntha diso pang'ono malirewo amasunthanso. Tambiri tatsopano topanda dzina, togulitsidwa mochipa pa intaneti, ndi totere, ndipo nambala yolembedwapo nthawi zina imakhala yongoyerekezera.

Kamtundu waciwiri ndi ka mizere yowala, imene imaoneka ngati yalenjekeka m'mlengalenga pamwamba pa zimene mukuyang'ana. Njira yochuka yopangira mizereyi inatenga dzina la L. E. W. van Albada wa ku Netherlands: mizere imalembedwa pa galasi la kumbuyo, ndipo galasi la kutsogolo, lopakidwa siliva wocepa, limaibwezera m'diso. Ubwino wake ndi waukulu. Mumaona ndi zakunja kwa mizere zomwe, kotero kuti wothamanga kapena wobvina mumamuona asanalowe m'cithunzi, ndipo mumakhala mutakonzeka. Tambiri tirinso ndi kamzere kodukiza-dukiza kumtunda, kosonyeza malire a pamwamba pojambula pafupi. M'cipinda ca mdima mizereyo imazimiririka, popeza imadalira kuwala kocokera kutsogolo, koma kuno kwathu kuwala sitikusowa. Kampani ya Cosina ya ku Japan, imene inayamba kupanga zinthu za dzina la Voigtländer mu 1999, inatulutsa timazenera tambiri totere, pakuti kamera yake yoyamba ya Bessa L inalibe posuzumira m'pang'ono pomwe. Ndipo togwiritsidwapo kale nchito timapezeka pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi ta Leica kapena Zeiss. Musanyoze timene tinapangidwira timakamera ta dijito. Ricoh GV-1 kali ndi mizere ya 21 ndi 28, GV-2 ya 28 yokha, ndipo nsapato ya kamera ya filimu imatilandira bwino-bwino. Olympus VF-1, kamene kanabwera ndi kamera ya E-P1 mu 2009, kamagwira nchito monga ka 35, koma kumbukirani kuti mizere yake ndi ya muyeso wa 4 kwa 3, pamene filimu ndi ya 3 kwa 2. Kucokera kumanzere kufika kumanja kamanena zoona, koma kumwamba ndi kunsi kamalonjeza zambiri kuposa zimene filimu idzapereka.

Kamtundu wacitatu ndi kogwira malenzi ambiri. Kodziwika koposa ndi ka fakitale ya KMZ ya ku Krasnogorsk, kotsanzira ka Zeiss, kamene kali ndi gudumu la timagalasi tisanu, ta 28, 35, 50, 85 ndi 135, ndipo kali ndi pokonzera mtunda. Kwa gulu limene liri ndi Zorki kapena FED pamodzi ndi malenzi a Jupiter-12, Jupiter-9 ndi Jupiter-11, palibe kena kamene kangapereke zambiri cotere pa ndalama zocepa. Koma kunena zoona, kusuzumira m'menemo kuli ngati kusuzumira m'bango: cithunzi ndi cacing'ono, ndipo pojambula zothamanga kamacedwetsa. Dziwaninso kuti kanapangidwa mitundu iwiri, kena kopendamira mbali iyi, kena mbali iyo, cifukwa makamera otsanzira Leica ndi otsanzira Contax ali ndi zotembenuza zao pamalo osiyana. Mukagula kolakwika kadzakhala pamwamba pa gudumu la shatala, zala zanu n'kusowa pogwira. Ndipo dzina lalikulu lisakunyengeni. Kazenera kakale ka Leitz kochedwa VIDOM kamatembenuza dziko, zakumanja kukhala kumanzere, kotero kuti munthu wopita uku mumamuona akupita uko. Kamene kanakonza zimenezi ndi kotsatira kake, VIOOH.

Za timazenera ta magetsi, tokhala ndi kasikirini m'kati, ndinena mwacidule. Timeneti timalandira cithunzi kucokera ku sensa, motero tiribe bvuto la parallax, koma timadya batire, ndipo kalikonse kamafuna kamera yokhala ndi polumikizira pake. Musagule musanaone dzina la kamera yanu pa mndandanda wa wopanga. Nthawi zina cinthu cimodzi cimabvala maina awiri: Olympus VF-2 kamagwira nchito pa Leica M ya mu 2012 monga momwe kamacitira ka Leica kochedwa EVF 2, cikhalireco mitengo yake inali yotalikirana kwambiri.

Mukakagwira m'manja kazenera kakale, yambani ndi phazi. Lilowe m'nsapato mothina, pakuti logwedera limapendeketsa kazenera, ndiponso tsiku lina mudzafika kunyumba kulibe, katagwera m'udzu. Phazi la pulasitiki muliyang'anitsitse ngati liribe mng'alu. Makamera a Minolta kuyambira 1988, ndi ambiri a Sony kufikira 2012, anali ndi nsapato yamtundu wao-wao imene phazi wamba sililowamo. Kenaka lozani kazenerako ku kuwala. Fumbi locepa ndi timikwingwirima sizibvuta, ndipo ndi cifukwa cabwino copemphera kuti mtengo utsike. Coopa ndi nkhungu yonga ulusi wa kangaude, ndi cifunga coyera m'kati mwa magalasi, cimene cimabisa mizere dzuwa likakhala kutsogolo. Obvala magalasi a m'maso asuzumire atawabvala, aone ngati ngodya zonse zinai zikuoneka nthawi imodzi. Acenjerenso ndi mkombero wa citsulo wa timazenera takale, umene umakanda magalasi a pulasitiki. Ngati mukuitanitsa kucokera kunja kwa dziko, werengerani mtengo wotumizira ndi msonkho, pakuti ziwirizi zikhoza kuposa mtengo wa kazenera komweko, ndipo pemphani wogulitsa akutumizireni cithunzi cojambulidwa kupyolera m'kazeneramo. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala kufika Epulo, kasungeni m'botolo lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa cinyezi tija timabwera m'mabotolo a mankhwala. Kacikwama ka cikopa ndi nyumba ya nkhungu.

Nawa mayeso a pa bolodi. Ikani kamera pa tebulo lolimba mamita 3 kucokera pa bolodi, italunjika pakati. Mwana mmodzi asuzumire m'kazenera, mnzake aime pa bolodi ndi coko, ndipo wosuzumirayo amuuze polemba mtanda pa ngodya iriyonse ya mizere. Ndi kamera ya dijito, jambulani ndi kuona pomwepo ngati mitanda inai yonse yalowa. Ndi kamera ya filimu sikofunika kuononga filimu ngati kumbuyo kwake kumatseguka, monga Zorki 4, FED 2 ndi Kiev. Cotsani cakumbuyo, ikani shatala pa B, tsegulani lenzi kotheratu, ndipo gwirizani pepala lopyapyala lojambulira mapu pamalo pamene filimu imadutsa. Mukadzifunditsa nsaru yakuda kumutu ndi kukanikiza batani, mudzaona bolodi pa pepalapo, lozondoka, pamodzi ndi mitanda yake. Makamera olowetsa filimu kunsi, monga Leica zakale ndi Zorki yoyamba, amafuna kuti mupereke cithunzi cimodzi kapena ziwiri. Mitanda ikakhala m'kati pang'ono mwa malire, kazenerako n'kabwino, pakuti opanga ambiri amacita dala kuti mizere isonyeze zoceperako. Mtanda wina ukasowa, kabwezeni. Bwerezaninso pa mita imodzi, muone masentimita amene atayika kumtunda, ndipo muwalembe pa kapepala komata kumbuyo kwa kamera.

Kumbukirani kuti kazenera ka galasi sikakuuzani ngati lenzi yalunjika pa mtunda woyenera. Mumayamba mwapima mtunda pa kazenera ka kamera, kenaka n'kusamutsa diso. Ndi lenzi ya 28 nchitoyi imacepa: mukaika pa f/8 ndi pa mamita 3 ndi pang'ono, zonse kuyambira pa mamita 2 kufika kumapiri zimaoneka bwino.

Nanga gulu limene thumba lake liri pululu? Ena amadula kazenera ka pa makamera aja otaya filimu ikatha, monga Fujifilm QuickSnap, amene lenzi yao iri pafupi ndi 30, n'kukamata pa phazi la fulashi yakufa. Kamagwira nchito ndithu, koma aphunzitsi musalole mwana kutsegula kamera yotere yokhala ndi fulashi, cifukwa m'kati mwake mumatsala magetsi a mavoti pafupi-fupi 300 ngakhale batire itacotsedwa. Njira imene ine ndimaikonda ndi ya waya, yomwe atola nkhani akale anali kugwiritsa nchito pa makamera ao akulu-akulu a Speed Graphic. Mwana amene amapanga galimoto ya waya yokhota mawilo angathe kupanga kazenera aka madzulo amodzi. Pindani waya kukhala bwalo la ngodya zinai, mamilimita 72 m'litali ndi 48 m'lifupi, ndiko kuti kacigawo ka filimu kaja kowirikiza kawiri. Dulani kacidutswa ka citini, mukaboole kabowo ka diso. Zonse ziwiri muziimike pa kathabwa kopyapyala, kabowo kumbuyo, waya kutsogolo, ndipo kabowoko kakhale pa msinkhu wa pakati peni-peni pa bwalo la waya. Mtunda wa pakati pa ziwirizi ndi nambala ya lenzi yowirikizanso kawiri: mamilimita 100 pa lenzi ya 50, mamilimita 70 pa ya 35, mamilimita 56 pa ya 28. Kunsi kwa kathabwako matani phazi la mamilimita pafupi-fupi 18 m'lifupi, mulipale pang'ono-pang'ono kufikira litalowa m'nsapato mothina. Pakani utoto wakuda kuti waya asanyezimire, diso likhale pafupi ndithu ndi kabowo, ndipo pitani nako ku bolodi. Mitanda ikapanda kugwirizana ndi ngodya za waya, pindani wayayo ndi pulayala, muyesenso.